Mapapo a mbewa

Mwana wanga woyamba, wamkazi, amagwira ntchito ku Blantyre. Nditamufunsa kuti ntchitoyo ndi yotani, anangoti, "Ndimayeza mbewa, amayi." Kwathu kuno kufupi ndi Mayani mbewa ndi ndiwo, ndiye ine ndinkangoti kapena amaona ngati zili bwino kudya.

Chaka chimenecho ndinali ndi chifuwa chosamva mankhwala a kugolosale. Kuno mu Juni kumazizira mpaka zala kuuma, choncho ndinkaphika nditatseka chitseko cha khitchini, nkhuni zili tolotolo kufuka. Mwanayo akamva kutsokomola kwanga pa foni ankandichonderera kuti ndipite kuchipatala. Ine ndinkakana, ndinkati ndi chisanu chabe, ndapemphera, chitha.

Tsiku lina pondiuza kuti akubwera kudzationa, anadandaulanso kuti ntchito yaima chifukwa mbewa zachedwa kufika. Zinandikhudza. Ndinapempha alamu anga kuti akakumbe mbewa m'munda momwe tinakolola chimanga, ine n'kuziwiritsa ndi mchere, n'kuziwamba bwinobwino. Mwanayo atafika ndinamupatsa.

"Izi ukayeze, mwanawe, ntchito isaime."

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Amayi inu! Zathu ndi zoyera, zoweta m'nyumba. Zowambazi ndiziyeza ndi mano."

Nane ndinaseka, koma kusekako kunadzutsa chifuwa, ndinachita kugwira khoma. Pomwe ndimawongoka, iye anali atasiya kuseka.

Anandikhazika pakhonde n'kutulutsa foni. Anandiuza kuti amadula papo la mbewa mopyapyala kuposa khoko la anyezi, amalipaka mankhwala a mtundu, kenako amaliika pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Chithunzi choyamba chinali ngati ukonde wolukidwa bwino, mipata yake ili mbee.

"Umu ndi modutsa mpweya. Tsopano onani ichi."

Chachiwiricho mipata inali itachepa, timadontho takuda titaunjikana ngati nyerere pa shuga.

"Timeneti ndimatiwerenga. Tikachuluka chonchi ndiye kuti papo latupa. Mbewa iyi inkapuma utsi."

"Utsi wa chiyani?"

"Wa nkhuni, amayi. Ngati wa m'khitchini mwanumu."

Ndinaganiza za Mulungu amene analuka zinthu zosalala chotere m'kanyama kochepa, n'kulukanso zomwezo m'chifuwa mwanga. Ndinkapempha kuti andichiritse, koma sindinaganizepo kuti angandiyankhe kudzera mwa mwana amene ndinabereka kumbuyo ndikupalira mbatatesi.

"Anga ali chonchi?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, amayi. Chikundiopsa n'chomwecho. Odziwa ndi adokotala."

M'mawa ndinavala juzi ndi chitenje cha kutchalitchi. Tinapemphera pakhomo, kenako tinatsika phiri pang'onopang'ono kukakwera minibasi yopita kuchipatala, iye atandigwira dzanja, ine ndikuima pena ndi pena kuti ndipume.