Foni ya amayi a kumapeto

Pamdadada wathu, amayi a kumapeto okha ndiwo adakali ndi foni ya waya. N'chifukwa chake kabokosi ka intaneti kanaikidwa kwawo, ndipo nthambo zake zimatulukira pawindo kupita m'nyumba zinayi. Iwo alibe kompyuta. Koma ndiwo amakapukuta fumbi, ndipo wina akagogoda kuti, "Amama, yathawanso!" amasiya zochapa n'kugwada kuseri kwa kabati kuti akazimitse ndi kukayatsanso. Palibe amene amathokoza. "Bola ana aziphunzira," amatero.

Foniyo amaisungira mwana wawo amene ali kutali. Yatha miyezi isanu osalira.

Lachiwiri ndinawathandiza kusuntha kabati kuti akolope, ndipo ndinapeza nthambo ya foni ili pansi. Mwamuna wanga polumikiza intaneti anasowa kachipangizo kogawa waya pawiri, basi anangozula foni n'kulowetsapo kabokosi.

"Amama, foni yanu njozula nthawi yonseyi! Ndikagula kogawirako lero lomwe."

Anaiyang'ana nthamboyo kwa nthawi yaitali.

"Isiyeni, mwananga. Panopa ndadziwa chifukwa chake siikulira. Mukailumikiza n'kukhalabe chete, ndidzati chavuta n'chiyani?"