Manda a bambo sanandichitire umboni

Kugogoda kwawo sindinakumve, chifukwa ntchito yanga ndi yogogoda. Ndimakhoma mbaula ndi zidebe ku Kanyama, ndipo m'mawa wa Lachisanu limenelo ndinkathamangitsa nyundo kuti ndimalize nthawi yopita ku mzikiti isanakwane. Nditadzutsa mutu ndinaona amuna awiri ovala zovala wamba, nsapato zawo zili mbee ngakhale komboni yonse inali matope.

"Ba mudala, ikani hamala pansi," anatero wamtaliyo. "Ni mafunso chabe ku ofesi, muzabwela manje manje."

Ndinauza mkazi wanga kuti madzi anga osamba asawaphule pamoto.

Chaka chimenecho boma linati kaundula wakale wa ovota watha ntchito, aliyense akalembetsenso, ndipo masiku ake anali ochepa. Ine ndi pakamwa pangapa, ndinaimirira mu mzikiti titatha kuswali n'kuuza anzanga kuti asagone. Ndinati madzi amatilowera m'nyumba dzinja lililonse chifukwa anthu a m'maofesi sationa, ndipo sadzationa ngati sitivota. Ndinaperekeza nkhalamba zingapo pa mzere wolembetsa. Wina anakandinenera kwa aboma kuti kuli mkulu wovala chisoti amene akututa anthu a ku Malawi kudzawalembetsa. Sindidziwa kuti anali ndani. Ndinaleka kufufuza nditaona kuti aliyense amene ndinkamuganizira ndinadyapo naye mbale imodzi.

Ku ofesi kuja anandilanda reji yanga, chiphaso chosonyeza kuti ndine nzika, pamodzi ndi khadi yovotera. Wofunsa mafunso anali mwamuna wofatsa, wa msinkhu wa mng'ono wanga. Anafuna kudziwa mudzi wanga ndi mfumu yanga. Ndinamuuza zoona: agogo anali atelala, anachoka ku Malawi dziko lino lisanalandire ufulu, bambo anga ali mwana wa kumsana. Ine ndinabadwira ku Kanyama. Ku Malawi sindinapondeko, ndipo mutanditula kumeneko sindingadziwe khomo loti n'kupempha madzi.

"Munthu aliyense ali na munzi," anatero. "Kanyama si munzi. Ngati mulibe munzi kuno, ninshi uli kuja, ndipo motoka yoyenda ku boda iliko."

Apa ndi pamene ndinazindikira chimene chinkandidikira. Sinali ndende ayi. Kunali kutayidwa kuseri kwa malire, mkazi ndi ana atatsala kuno.

M'chitokosi tinali ambiri moti tinkagona chammbali, ndipo potembenuka tinkadikira kapitawo wa akaidi alamule kuti tonse titembenukire limodzi. Monga mlendo, malo anga anali pafupi ndi chidebe. Ndinachiyang'ana n'kuona kuti chinakhomedwa mwaulesi, msoko wake unkadontha, ndipo ndinadabwa kuti ngakhale mmenemo mtima wanga unapsa ndi ntchito yoipa. Madzi osamba poswali kunalibe. Ndinkapaka manja pakhoma, monga chipembedzo chathu chimalolera madzi akasowa, n'kuswali chokhala, mawondo ali pamsana pa munthu wina.

Lolemba ananditengera m'chipinda cha kuseri, mmene munali matebulo awiri ndi chitsulo chopingasa. Ankafuna mayina a anthu amene ndinawabweretsa kuchokera ku Malawi. Ndinalibe dzina loti ndiwapatse. Za m'chipindacho sindilemba zambiri. Kuyambira tsiku limenelo dzanja langa lamanja siligwira nyundo dzuwa lisanatenthe.

Nditabwezedwa kwa wofatsa uja, ndinamuuza kuti mchombo wanga amayi anaukwirira kuseri kwa nyumba yathu yakale. Anaseka, chifukwa pamalopo tsopano pali bala yomweramo mowa. Ndiye ndinati bambo anga anagona m'nthaka ya dziko lino, ndinawaika ndekha m'manda ndi manja angawa. Iye anati chabwino, tipite ndikamuonetse. Ndikhulupirira kuti ankafunadi kundithandiza.

Anandipititsa ndili mu unyolo. Ife Asilamu a kwathu sitinkamanga manda ndi simenti kapena kulembapo dzina. Bambo ankati munthu wakufa amadziwika kwa Mulungu, ndipo ife tinaika mwala wamba kumutu, pafupi ndi kamtengo kena. Koma mvula ya zaka zambiri inali itasalaza mitumbira, udzu unali wofika m'chiuno, kamtengo kaja ena anakadula nkhuni, ndipo manda atsopano anali atadzaza mpaka m'njira. Ndinayenda uku ndi uku, alonda akunditsata. Ndinaima pa mwala wina, mtima unakana. Ndinaima pa wina, chimodzimodzi. Ndikanatha kuloza paliponse, iwo sakanadziwa. Koma kuloza munthu wachilendo n'kumutcha bambo anga, pamaso pa Mulungu, dzanja langa linakanika.

Wamtali uja amene anadzanditenga kunyumba analavula udzu umene ankatafuna.

"Mwaona ka, ba mudala? Na bakufa bakukanani."

Pa zonse zimene anandichita, mawu amenewa ndi amene amandidzutsabe. Ndinalira pamenepo ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Anandisunga mpaka kulembetsa kutatsekedwa. Mkazi wanga ankabwera tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndi mayi wina wachikhristu wa ku Chipata, mnansi wathu wakale, amene analumbira kuti anandiona ndili khanda. Palibe anawamvera. Kukhoti sindinapiteko, mlandu sanandiwerengere. M'mawa wina anangotsegula chitseko n'kundiponyera lamba wanga ndi nsapato. Nditafunsa za reji ndi khadi, anati zikufufuzidwa.

"Nkhani yanu siinasile," anatero wofatsa uja, kutanthauza kuti sinathe. "Munkale chabe zii. Motoka ija ikaliko."

Ndakhala zii. Ndapitako kangapo kukafunsa za reji, ndipo nthawi iliyonse bwana wake amakhala atapita ku msonkhano. Malamulo a zisankho akuti akukonzedwanso, ndimamva pa wailesi, akuluakulu akukangana za malire a madera ndi mipando. Madzi akulowabe m'nyumba. Anthu amati ndinamasulidwa, ndipo n'zoona, ndimagona chagada ndi kutembenuka pamene ndafuna. Koma galimoto yachilendo ikaima pamsewu, nyundo imaima yokha.

Kulembetsa kutabweranso, mwana wanga wamkazi woyamba anali atakwanitsa zaka zovotera. Anabwera kumene ndimakhomera, atavala bwino, nkhope ili ngwee.

"Ba tata, niyenda kulembesa. Munipelekeze."

Ndinamuuza kuti sapita. Ndinati akamufunsa mudzi, akamufunsa bambo wake, ndipo nkhani yogona ija idzadzuka. Ndinkayembekeza kuti andiyankha, chifukwa pakamwa anatengera ine. Mumtima ndinkafuna andikumbutse zimene ndinanena mu mzikiti muja, andinyoze, atuluke apite. Anandiyang'ana, anayang'ana dzanja langa lamanja, n'kubwerera m'nyumba kukavula.

Tsiku lovota anthu ankadutsa akuonetsana inki pa zala. Ife tinali pa ntchito, iye atandigwirira lata, ine ndikukhoma. Sanandifunsenso, ndipo mpaka lero sanatchulepo. Ndinaphunzitsa mwana wanga kukhala zii, ndipo anaphunzira tsiku limodzi.