Abiti Sefu ndi Ntchito ya Womasulira

Abiti Sefu, amene dzina lawo la pachitupa ndi Esime, anasesa pachipatala china chaching'ono kufupi ndi Namwera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu anailekera sitandade 3, bambo awo atawatengera ku Mandimba kukagulitsa nsalu. Kwawo ankayankhula Chiyao. Chichewa anachitolera pamsika, Chipwitikizi pang'ono kutsidya kwa malire, Chiswahili kwa malemu amuna awo amene ankayendetsa lole. Chizungu chokha ndiye chinawakanika.

Anamwino ambiri pachipatalapo ankachokera m'maboma ena. A Lizzie, a ku Rumphi, atangofika kumene anathedwa nzeru ndi mayi wina amene ankangoloza pamimba n'kumayankhula Chiyao. Abiti Sefu anatsamiritsa tsache kukhoma.

"Akuti m'mimba mukuwapota," anatero. "Koma sakunena zonse. Atuluke kaye abambowa."

Mwamuna wa mayiyo atatuluka, wodwalayo anaulula kuti wakhala akutaya magazi miyezi itatu. Kuyambira pamenepo a Lizzie sankayamba sikelo Abiti Sefu asanamalize kukolopa.

Chaka china bungwe lina linafuna womasulira pachipatalapo. A Lizzie anawalembera kalata yofunsira ntchito, ndipo masabata awiri ankawaphunzitsa timawu ta Chizungu nthawi yopuma. Abiti Sefu anavala chilundu chatsopano n'kukwera matola kupita kuboma. Funso loyamba, la dzina, anayankha bwino. Lachiwiri sanatolepo kanthu.

"Pepani bwana," anatero m'Chichewa, "kodi odwalawo azidzabwera ndi Chizungu?"

Mkulu wa ofunsawo anawerama kaye, kenako anayankha mwaulemu kuti malipoti onse amalembedwa m'Chizungu. Ntchitoyo anapatsidwa Jestina, mtsikana wa ku Zomba wa fomu 4, amene Chiyao ankangodziwa moni.

Zinawapweteka Abiti Sefu. Masiku atatu anangosesa basi, ndipo akaitanidwa ankangoti, "Womasulira alipo." Tsiku lachinayi Jestina anawapeza kumjigo, maso ali ofiira.

"Amayi, dzulo ndinasocheretsa munthu. Mankhwala a masiku atatu wamwa tsiku limodzi. Sindinagone."

"Ali moyo?"

"Ali moyo, wangofooka."

Abiti Sefu anatula ndowa. "Tiye ukandionetse kwawo."

Anapita limodzi, ndipo Abiti Sefu anam'fotokozera wodwalayo m'Chiyao kamwedwe ka mankhwalawo kawiri konse, n'kumuuza kuti abwereze. Kuchokera apo ankakhala awiri pambali pa namwino, wina akumasulira, wina akulemba, mpaka bungwelo linachoka patatha zaka ziwiri. Jestina ankalemba dzina la Abiti Sefu m'malipoti, ngakhale palibe chimene chinasintha pa ntchito yawo yosesa.

Chaka chatha Abiti Sefu anapuma pantchito chifukwa cha nsana. Pano akulima nandolo kuseri kwa nyumba yawo. Amayi amanyazi amayamba adzera kwa iwo asanapite kuchipatala, ndipo nsana ukawalola amawaperekeza.