Masitampa a Lipenga m'Beseni la Alamu

Alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, anabwera ku Birmingham kudzachita digiri yachiwiri, koma anatsika ndege akudziwa kale chilichonse. Basi yoti tikwere ankatiuza ndi iwo, ife titakhala ku Dudley zaka zingapo. Mankhwala amene ndinkapatsa odwala kuchipatala ankandifotokozera ndi iwo, ine namwino ndikungogwedeza mutu. Ankakhala ku Selly Oak m'nyumba yogawana ndi ana asukulu anzawo, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankatitsatira kwathu, kudzadya nkhuku ndi kudzatiphunzitsa.

Chaka chimenecho ndinali nditangobwerako kumudzi kumaliro a bambo anga. Abale anga anagawana njinga, wailesi ndi majekete. Ine ndinatenga chitini cha mabisiketi chadzimbiri chimene panalibe wochilimbirana. Munali makalata ochokera ku Norway. Bambo ali anyamata anali khukhi wa dokotala wina wa kumeneko pachipatala cha mishoni, ndipo dokotalayo atabwerera kwawo sanawaiwale. Ankawalembera kamodzi kapena kawiri pachaka, m'Chingerezi chothyokathyoka, nkhani zake za chisanu ndi za kupweteka kwa mawondo. Koma chimene ndinatengera chitinicho sanali makalatawo. Anali maenvulopu.

Pepala kwathu linali losowa, ndiye bambo ankalemba kuseri kwa maenvulopuwo ndi cholembera cha inki ya m'botolo chimene dokotala anawasiyira. Ankalemba tsiku limene anafolera nyumba ndi malata, tsiku limene ng'ombe inaswa, tsiku limene mwana aliyense anabadwa. Yanga inali envulopu ya timizere tofiira ndi tabuluu m'mphepete. Kuseri kwake kunali mawu awa: "Lero Lachinayi wabadwa wamkazi. Kukugwa mvula. Amake ali bwino. Ndakondwa kwambiri." Bambo anga sanali munthu wonena kuti ndakondwa. Nditakhoza mayeso a unamwino anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusema mpini. Mawu awiri omalizawo ndinawaona koyamba titawaika kale m'manda, ndipo kunalibe kwina kulikonse kumene analembedwa.

Lamlungu lina alamu anaona chitini chija pashelefu n'kuchitsegula osapempha, monga mwa chizolowezi chawo. Kuseri kwa envulopu sanatembenuzeko n'komwe. Maso awo anangoti dwii pakona.

"Alamu, mukudziwa kuti m'chitinimu muli chuma?" anatero. "Awa ndi ma stamp a ku Norway, ma vintage enieni. Ma collector amaphana nawo ku auction."

"Ndi makalata a bambo anga, alamu."

"Makalatawo sungani. Ine ndikunena ma stamp."

Sabata yotsatira anabwera ndi mapepala amene anajambula m'buku lina la kulaibulale, galasi lokuzira zinthu, ndi kachitsulo kopanira kamene anati masitampa sagwiridwa ndi zala. Papepalapo panali sitampa ya lipenga lopindika, chisoti chachifumu pamwamba pake, ndipo pambali panali mtengo umene anaulemba mzere kunsi kawiri. Masitampa ambiri a m'chitini changa analinso ndi lipenga lomwelo. Kwa alamu, mlandu unathera pamenepo.

Kuyambira tsiku limenelo sitinadyenso mwamtendere. Tinamva za sitampa yoyamba ya ku Norway, ya mkango wonyamula nkhwangwa. Tinamva kuti timano ta m'mphepete mwa sitampa timawerengedwa, ndipo kamodzi kakathothoka ndiye kuti mtengo wagwa. Munthu amene masabata awiri m'mbuyomo sakanaloza Norway pamapu anali kuyankhula ngati anabadwira mupositi ofesi ya kumeneko. Amuna anga ankangopwepweta fupa, kunyadira mng'ono wawo wophunzira.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinawakaniza. Koma inali nyengo yozizira, ndinkagwira mashifiti owonjezera, ndinkaima pa siteji ya basi ku Dudley mphepo ikundicheka makutu, n'kumabwerera kunyumba yalendi imene khoma lake linkachita nkhungu. Alamu atatchula kuti "deposit ya mortgage", khutu langa linaima. Ndinadziuza kuti kuonetsa si kugulitsa. Ndinadziuzanso kuti bambo akanakondwa kuona mwana wawo ali m'nyumba yakeyake. Munthu akafuna kuchita chopusa, amaitana ngakhale akufa kuti adzamuikire umboni.

Loweruka lotsatira kunali msika wa otolera masitampa m'holo ina m'tauni. Alamu anati atenge chitinicho akafananize bwino ndi buku lija, ine ndidzawapeze Lowerukalo m'mawa tipitire limodzi.

"Mukangomuonetsa munthuyo momwe zililimu," ndinawauza pakhomo. "Osamatula, osadula."

"Alamu, relax. Ndapanga research."

Loweruka ndinakwera basi, kenako sitima mpaka ku Selly Oak. Ananditsegulira atavala suti ndi tayi, mafuta onunkhira ali guu, ngati akupita kukafunsira mbeta. Ananditsogolera kukhitchini akumwetulira. Khitchini ya ana asukulu ndi malo oti munthu asalowe ali ndi njala. Mbale za sabata yonse zinali mbwee, koma chimene ndinayamba kuona chinali beseni lotsukira mbale. Munali madzi abuluu, amene anagonamo kuyambira dzulo lake, poti m'nyumba imeneyo munalibe munthu wotaya madzi. Patebulo anayala thawulo, ndipo pathawulopo anandandalika masitampa m'mizere yowongoka. Pahita ya pakhoma anayanika maenvulopu a bambo anga ngati matewera.

"Ndawachotsa professional," anatero. "Palibe dzino ngakhale limodzi lathothoka. Mukadula ndi sizasi mumapanga damage ma perforation, ndiye ndinangoviika yathunthu m'madzi ofunda. Amachoka okha. Simungapite kwa dealer ndi zinthu za raw, amakutengani kuti ndinu amateur."

Yanga ndinaizindikira ndi timizere take. Inali itauma gwaa, yopindikapindika. Ndinaitembenuza. Kuseri kunali kamtambo kabuluu kotuwa, basi. Ndinapita nayo pawindo, ndinaipendeketsa uku ndi uku, ndinatenga ngakhale galasi lawo lokuzira lija. Panalibe chilembo n'chimodzi chomwe.

"Zimene zinalembedwa kuseri kuno, alamu, munaziwerenga?"

"Zija? Ndimaona ngati ndi ma shopping list."

Ine ndine munthu wa pakamwa. Madokotala a kuchipatala kwathu ankadziwa kuti akalemba mankhwala molakwika andimva. Koma m'khitchini muja ndinangotembenukira kuhita ija. Ndinasonkhanitsa maenvulopu aja n'kuwaika m'chikwama. Ndinali wokwiya ndi alamu, koma mkwiyo waukulu unali pa ine mwini, mayi amene anapereka chitini ndi manja ake awiri chifukwa cha khoma la nkhungu. Ndinati tiyeni kuholo komweko. Ndinkafuna ndikamve ndi makutu anga chimene ndasinthanitsa ndi mawu a bambo.

M'holomo simunali kuphana ayi. Munali azibambo okalamba ovala majuzi, atawerama pamatebulo, fungo la tiyi ndi mapepala akale. Ankayankhulana motsitsa mawu ngati pasiwa. Tinalozeredwa kwa mkulu wina wa magalasi a chingwe m'khosi, amene ankagulitsa masitampa a mayiko a kumpotoko. Alamu anakonza tayi n'kuyamba ulaliki m'Chingerezi cha m'mabuku. Anatchula mkango wa nkhwangwa, anatchula timano, anachenjezanso mkuluyo kuti mitengo tikuidziwa, asayese kutigwira m'maso.

Mkuluyo anawasiya amalize. Anatenga kopanira kake, nanyamula sitampa imodzi, kenako ina. Atatero anawerama n'kutulutsa bokosi la nsapato pansi pa tebulo. Linali lodzaza ndi malipenga, ofiira, obiriwira, abuluu, ongothiridwa ngati chimanga. Anati bokosilo amasungira ana amene angoyamba kumene kutolera, kuti azisankhamo. Anafotokoza modekha kuti lipenga limenelo anthu a ku Norway akhala akulisindikiza kwa zaka zoposa zana, ndipo amene ali osowa ndi ena a makedzana, a nthawi ya agogo a agogo athu. Athuwa anali masitampa wamba, amene aliyense ankamata pakalata. Anaonjeza kuti ngakhale m'bokosi la ana sakanawaikamo, chifukwa onse anali atathimbirira ndi utoto wabuluu.

Kenako anafunsa kumene tawatenga. Alamu anali atayamba kuyang'ana kudenga, ndiye ndinayankha ndine. Ndinamuuza za dokotala, za chipatala cha mishoni, za kapositi ofesi ka kwathu kumene makalatawo ankafikira, ena dziko likadali Nyasaland. Mkuluyo anaika kopanira pansi. Anandifunsa ngati maenvulopuwo anali ndi zidindo za mbali zonse ziwiri, cha kumene kalata inachokera ndi cha kumene inafikira. Ndinati inde. Anati zimenezo ndiye akanakonda kuziona, chifukwa makalata oyenda ulendo wotere sapezekapezeka, ndipo otolera enieni amafuna envulopu yathunthu, sitampa ili pamalo pake, osati yomatula. Anafunsa kuti ali kuti.

Ndinatulutsa imodzi m'chikwama n'kumupatsa. Anaiyang'ana kutsogolo, pamene panatsala chipsera chotuwa cha sitampa, kenako anaitembenuza. Anati inki ya m'botolo yakale sigwirizana ndi madzi, ndipo ubuluu umene uli pamasitampawo ndi inki imeneyo. Anafunsa kuti analemba ndani.

"Bambo anga," ndinatero.

Anati pepani. Ananena kwa ine, osati kwa alamu. Anatenga kathumba ka pepala loonekera mkati, naikamo masitampa aja imodziimodzi ndi kopanira, mosamala ngati ndi amtengo wapatali. Alamu anatambasula dzanja kuti alandire, koma mkuluyo anawalambalala n'kundipatsa ine.

Tisanafike n'komwe pasiteshoni, alamu anali atapezanso mawu.

"Mdala ujatu ndi crook, alamu. Amafuna atigule cheap. Ma dealer a serious ali ku London."

Akuluakulu anati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Koma iye uja anamanga yake. Alamu anga anamanga ndi njerwa zanga. Iwo anakwera sitima yawo, ine ndinakakwera basi yanga, ndipo ndinalira kuyambira m'tauni mpaka ku Dudley, azungu akuyang'ana pawindo ngati sakuona.

Amuna anga nditawafotokozera anati, "Ndi mwana, mukhululukireni, amafuna kuthandiza." Mwana wandevu, wa digiri imodzi ndi theka. Alamu sanapepese. Lamlungu lotsatira anabwera monga mwa masiku onse, nadya ntchafu ya nkhuku, natifotokozera za golide. Galasi lokuzira ndi kopanira sanazitchulenso. Anamaliza sukulu bwinobwino, napeza ntchito yolangiza anthu, ndipo ndikumva kuti amawamvera.

Mawu a bambo ndinkawadziwa pamtima, ndiye tsiku lina ndinawalemba papepala kuti asatayike. Ndinayesa kutsanzira malembedwe awo, zilembo zopendekera kumbuyo, zodinikiza ngati akukumba. Nditamaliza ndinaona dzanja langa lomwe likundiuza kuti lakondwa kuti ndinabadwa. Ndinang'amba pepalalo.

Kathumba kaja kali m'chitini mpaka lero, pamwamba pa maenvulopu opindika. Masitampa wamba, osayenera ngakhale bokosi la ana, timano tonse tili tathunthu monga alamu ananenera. Nthawi zina ndimawatulutsa n'kuwayala patebulo, n'kumayang'ana ubuluu uja. Malata a nyumba, ng'ombe yoswa, abale anga ndi ine, tonse tinasungunukira m'beseni limodzi. Ndiye ndimasunga onse, poti sindidziwa kuti ndi iti inamwa mawu onena za ine.