Che Habiba Sadyanso Mandasi Awo

Ndikati Che Habiba anali ndi thupi, musaganize kuti ndikuwonjezera. Minibasi ya ku Zomba ikaima padoko la Kachulu, makondakitala ankayamba kukangana okhaokha kuti mayiwa akhale mbali iti, poopa kuti galimoto ipendekeka. Iwo ankangoseka, n'kukakhala kutsogolo osafunsa munthu. Chitenje chimodzi sichinkawakwana, telala wa pamsika ankachita kulumikiza ziwiri. Ndipo tonse tinkasirira. Kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, ndipo Che Habiba zinkawayenderadi.

Ine ndine Alefa. Ndimayanika matemba pathandala lomwe lili pafupi ndi pomwe iwo amakazingira mandasi, moti utsi wa mafuta awo ndaupuma mpaka zovala zanga kununkhira zinthu zomwe sindigulitsa. Ine ndi wa kutchalitchi, iwo ndi a kumzikiti, koma pa nkhani ya miseche timapemphera pamodzi.

Mandasi awo ankadziwika doko lonse, ndipo chinsinsi chake chinali lilime. Sankayeza shuga ndi kapu ngati anzawo. Akakanda ufa ankatsina pang'ono, kulawa, kuyang'ana kumwamba, kenako n'kutapa shuga wina ndi dzanja. Oyamba kuphulidwa m'mafuta ankadya okha akadali otentha, ndi tiyi wa shuga wambiri zedi. Masana ankaitanitsa tchipisi ndi zigege pachiwaya cha Davie, n'kutsitsira ndi chakumwa cha m'botolo chozizira. Kasitomala wawo wamkulu anali bambo Wilisoni, mwini mabwato angapo. Asodzi a bambowa akamapita kukakhala ku zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja tija, ankanyamula mabeseni odzaza ndi mandasi a Che Habiba. Mabeseni amenewa ndi omwe ankaphunzitsa mwana wawo Shamila ku sekondale ku Zomba.

Che Habiba anali ndi achemwali awo aakulu, Che Falida, omwe ankagulitsa mpunga ku Songani. Amenewo ndiye anali onenepa kuposa iwo, ndipo pamsika ankangowatcha abwana. Tsiku lina anadzibaya ndi kamtengo kuphazi. Kachilonda kake kanali kosaoneka n'komwe, koma sikanapole. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, ndipo anachedwa kubwera. Anawadula mwendo. Azibambo a kumzikiti anaukulunga m'nsalu yoyera n'kukauika kumanda mwini wake ali moyo, ali gone pabedi akufunsa ngati auika pabwino. Chaka chinacho iwonso anatsatira mwendo wawo.

Maliro atatha, Che Habiba anakwera minibasi osauza munthu n'kukayezetsa magazi. Atabwerako anakhala pampando wawo, n'kuyang'ana mapazi awo nthawi yaitali.

"Achemwali," anatero kwa ine, "akuti nanenso shuga wayamba, koma ndamupeza akadali pakhomo. Mwendo wanga sutsogola kumanda. Ndikapita, ndipita ndense."

Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinati tiona. Munthu amene tsiku lonse amakhala pafupi ndi mafuta owira, mandasi akumuyang'ana m'maso, angasiye bwanji?

Anasiya. Tiyi anayamba kumwa wopanda shuga, akuchita tsinya ngati akumwa mankhwala a malungo. Davie akadutsa ndi mbale ya tchipisi ankamubweza ndi dzanja osayang'ana. Ankabweretsa kambale ka nkhwani wotendera, nsomba za makumba zowotcha ndi kamtanda ka mgaiwa komwe kale sakanapatsa ngakhale mwana. Anasiyanso kukwera kabaza, anayamba kuyenda wapansi kuchokera kwawo m'mbali mwa minda ya mpunga. Miyezi yoyambayo anali olusa kwabasi. Anakalipira amuna awo Che Saidi chifukwa chotafuna mokweza, anakalipira nkhuku, anandikalipira ine chifukwa choseka.

Nditawakumbutsa kuti kusala kudya si kwachilendo kwa iwo, popeza chaka chilichonse amasala mwezi wa Ramadani, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ramadani imakhala ndi kulowa kwa dzuwa, achemwali. Umapirira ukudziwa kuti madzulo kuli mandasi. Iyi yangayi dzuwa lake sililowa."

Thupi linayamba kutsika. Khosi linaoneka, chitenje chimodzi chinayamba kukwana mpaka kutsala. Iwo ankati akumva kupepuka, tulo akugona bwino, ludzu lomwe linkawavutitsa latha. Koma padoko panayamba manong'onong'o. Kuno munthu sangaonde dala. Akaonda ndiye kuti pali chomwe akubisa, ndipo aliyense amadziwa dzina la matenda omwe akuwaganizira ngakhale palibe amene amalitchula. Azimayi omwe dzana ankapempha mandasi apangongole anayamba kukodolana Che Habiba akamadutsa. Zimenezi zinkandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero ndikazikumbuka mtima umawira. Ngakhale akanakhala nawo matendawo, kodi amalowa m'mandasi? Ndi angati padoko pano omwe amamwa mankhwala awo mwakachetechete, ali onenepa bwinobwino, tikudya nawo mbale imodzi?

Kenako kunabwera vuto lomwe palibe anaganizira. Mandasi anayamba kuzizira mkamwa. Asodzi ankaluma, kuyang'ana mandasiwo, kuyang'ana Che Habiba. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza kuti shuga akuchepa.

"Akuchepa pati?" Anatsina ufa, kuugunditsa palilime, n'kulavula. "Izi zatsekemera kale mpaka mutu kuwawa!"

Sankanama. Lilime lomwe linawadyetsa zaka zonsezi linali litasintha osawatsanzika. Kashuga kochepa ankakamva ngati thumba lonse, ndiye dzanja linkatapa pang'ono, iwo n'kumati zili bwino. Zinatenga masiku tikukangana kuti avomere. Mapeto ake anakanda ufa, ine n'kumalawa, iwo n'kumathira, mpaka ndinati apa ndiye paja. Anayeza shugayo m'kakapu kobiriwira ka pulasitiki, ndipo kuyambira pamenepo ndi kakapuko komwe kamalamula. Ankadana nako. Ankati akuphika ngati mwana wa sukulu. Mandasi anabwerera mwakale, koma mbiri inali itapita kale patsogolo, ndipo mtsikana wina dzina lake Emma anali atakhazika kale beseni lake la mandasi tsidya la msewu.

Patapita miyezi, anapitanso kukayezetsa ndipo anawauza kuti shuga watsika bwino, apitirize. Tsiku limenelo ndinali nditapita ndi matemba ku Songani, ndipo anandipeza komweko nkhope ikuwala.

"Lero lokha," anatero. "Ndalota tchipisi za pano miyezi yonseyi. Lero ndidya ngati munthu."

Tinakhala pachiwaya chomwe kale ankadya ndi Che Falida. Anaitanitsa tchipisi mbale yodzaza, kanyenya wa mbuzi, ndi botolo lozizira. Anasamba m'manja mwaulemu ngati akupita kukaswali kumzikiti. Anatola, anatafuna. Anatolanso. Kenako anaitana mnyamata wa pachiwayapo n'kumufunsa kuti mafutawo ndi a liti. Iye analumbira kuti watsegula m'mawa womwewo, ndipo ine ndinalawa, zinali tchipisi zabwinobwino. Anamwa chakumwa chija, n'kuchotsa botolo pakamwa msangamsanga.

"Zomwezi ndinkamwa ziwiri patsiku? Awa ndi madzi a shuga basi."

Koma poti Che Habiba ndi munthu wamakani, anamaliza mbale yonse. Sitinafike patali. Minibasi itangokhotera mumsewu wa ku Kachulu anamenya chitseko kuti iime, n'kutsika kukabweza zonse kuseri kwa chitsamba. Usiku wonse, malinga ndi Che Saidi, m'mimba munali nkhondo. Koma chomwe sindidzaiwala ndi chakuti atabwerera m'galimoto muja analira. Sanalire chifukwa cha m'mimba ayi.

"Ndimayesa chikundidikira," anatero. "Chinthu chomwe ndachilakalaka nthawi yonseyi, kulibe. Chinapita ndi achemwali anga."

Ndinamva chisoni kwambiri. Ndinangowapatsa madzi.

Sabata yotsatira asodzi a bambo Wilisoni ankakonzekera ulendo wa ku zimbowera. Che Habiba anadzuka m'bandakucha, n'kukazinga mabeseni awo monga mwa masiku onse. Dzuwa litakwera, bambo Wilisoni anabwera, mimba patsogolo, asodzi awo pambuyo, m'manja atanyamula botolo la chakumwa. Anthu ataona kuti pali nkhani anayamba kuyandikira.

"Amake Shamila," anayamba motero, "ine ndi inu tachokera kutali, sindikufuna kumva za m'maluwa. Anyamatawa akukana. Akuti sangadye chinthu chomwe wophika wake sadya. Ndiye tichite chonchi. Idyani awiri pamaso pathu pano, mutsitsire ndi ichi, nkhani ithe. Mabeseni tinyamula."

Ndinawakodola Che Habiba m'nthiti. Ndinanong'oneza kuti mandasi awiri sangaphe munthu, aganizire za Shamila, mayeso ali pafupi. Ndinkanena zoona, ndipo iwo ankadziwa.

Che Habiba anaimirira. Anamanga bwino mpango wawo. Kenako anavula masilipasi, n'kuima pamchenga ndi mapazi okhaokha.

"Bambo Wilisoni, yang'anani pansi."

Bambo aja anayang'ana, ndi anthu onse omwe.

"Mwawaona? Awiri. Zala zonse zilipo. Achemwali anga Che Falida munkawatcha abwana chifukwa cha thupi. Inu nomwe munkati ndi mayi wodalitsika. Mwendo wawo tinauika chaka china, iwo chaka china. Pamaliro munabwera, munadya mpunga, munakhuta. Panalibe ndi mmodzi yemwe anati mayiwa akubisa matenda. Lero ine ndikuyenda ndekha kuchokera kwathu, ndiye mwati ndikudwala?"

"Ayi, amake Shamila, sitikutero..."

"Mukutero. Ndili ndi shuga, imvani nonse, musavutikenso kunong'ona. Awiriwa sangandiphe, ndikudziwa. Koma ndikadya lero, ulendo winawo mudzabweranso ndi botolo lina. Ndipo ndikuuzeni, ngakhale kuwafuna sindiwafunanso. Mandasiwa ndi abwino, manja ake ndi omwe aja. Amene akufuna agule. Koma ine sindidya kuti inu muonerere."

Bambo Wilisoni anaima ndi botolo lawo lija likuchita thukuta m'manja, osadziwa kolipereka. Mwamuna wamkulu wochititsidwa manyazi pagulu sabwerera m'mbuyo. Anatembenuka n'kuwoloka msewu kupita kwa Emma, asodzi awo n'kutsatira. Mmodzi yekha, wachikulire ndithu, anatsalira, anagula awiri ndi ndalama yake, n'kumadya ali chiimire pomwepo akuyang'ana anzake.

Bambo Wilisoni sanabwererenso kudzagula mabeseni aja. Sindikunamizani kuti zinatha bwino. Shamila anakhala pakhomo milungu ingapo fizi isanakwane, ndipo Che Saidi anagulitsa mbuzi yomwe ankasungira chikondwerero cha Idi. Tsiku la mkangano lija mandasi otsala anatha movutikira, ena tinagawira ana madzulo. Lero Che Habiba amakazinga beseni limodzi, pambali pake n'kuyika mbatata yophika ndi mtedza. Makondakitala sakangananso za iwo. Ena padoko amanong'onabe, ena anayamba kubwera mozemba kudzafunsa komwe amayezetsa shuga, mmodzi wa iwo ndi mkazi wa bambo Wilisoni.

Tsiku lija titaweruka ndinawafunsa ngati sakudandaula. Anali akutsuka kakapu kobiriwira kaja.

"Ndikudandaula kwambiri," anatero. "Mabeseni amene aja anali sukulu ya mwana wanga."

Wakabaza wina anaima n'kuliza belu, poganiza kuti lero atopa. Anamubweza ndi dzanja. Anasenza beseni pamutu, masilipasi ananyamula m'manja, ndipo ndinawayang'ana akulowera njira ya kuminda ya mpunga, akusiya mapazi awiri pamchenga.