A Kumanzere ndi Nsanja Yawo

Tsiku lomwe anayamba ntchito yoonetsa alendo malo, bambo awa anaimirira kutsogolo m'basi, nkhope kwa alendo, msana kwa dalaivala, n'kulengeza kuti, "Kumanzere kwanu, nyumba yakale kuposa zonse mumzinda muno!" Anaiwala kuti kumanzere kwawo si kumanzere kwa anthu oyang'anizana nawo. Alendo onse anatembenuka n'kujambula chimbudzi cha pamsika, mwaulemu ndithu. Kuyambira pamenepo dzina lawo ndi a Kumanzere, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana choncho.

Koma ntchito amaidziwa, tisawanamizire. Mlatho wakale, nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana, paki ya maluwa, amazifotokoza ngati anamanga okha. Basi ikaima pa nsanja yaitali ya pakati pa mzinda ndiye pakamwa sipatsekeka. Pamwamba pake, amatero, magalimoto amaoneka ngati nyerere. Akatha amatsegula chitseko. "Kwerani, mabwana. Ine nditsala, ndikuyang'anireni zikwama."

Zikwamazo sizifuna mlonda, poti dalaivala amakhoma basi. Zoona zake n'zakuti a Kumanzere amaopa kukwera m'mwamba, ngakhale makwerero saponda, ndipo nsanjayo anali asanakwerepo chibadwire. Chomwe ankaopa kwambiri n'chakuti akazi awo adziwe, chifukwa pa chibwenzi anawakopa ndi nkhani za pamwamba pomwepo.

Loweruka lina akulonjera alendo, anangoona akazi awo ali phee pampando wakutsogolo, atatchena diresi latsopano.

"Mayi, mwasochera kapena?"

"Ayi bambo, ndabwera kudzaona nyerere zanu zija. Chikwama ndasiya dala kunyumba."

Pothawira panalibe. Analowa m'chikepe atatsinzina, atakakamira mkono wa akazi awo ngati akuwoloka mtsinje wodzaza. Atafika pamwamba anayamba ntchito maso ali chitsinzinire. "Kumanzere kwanu, bwalo la mpira!" Chala chinaloza bambo wina yemwe ankakolopa pansi.

Mayi aja anawagwira mapewa n'kuwatembenuzira kuwindo. "Tsegulani diso limodzi lokha, bambo. Ndakugwirani."

Anatsegula limodzi, kenako linzake. Mtsinje uwo, mlatho wawo uja uwo, sitima ikukwawa ngati bongololo, ndi timagalimoto waliwali mumsewu.

"Iii, zoonadi eti! Nyerere zenizeni!" anafuula a Kumanzere pamaso pa alendo onse. Alendo anawomba m'manja, akazi awo anaseka mpaka misozi.

Madzulo ake a Kumanzere anakakhala pakhonde la mayi wosoka zovala, yemwe amayandikana naye nyumba, n'kumunong'oneza kuti chinsinsi chaululika koma banja lilipobe. Mayiyo sanaimitse n'komwe makina.

"Chinsinsi chanji, a Kumanzere? Mzere wonse uno timadziwa. Babu likapsa kwanu, amakwera pampando ndi akazi anu."