Masiki imodzi, nkhope zinayi

Lachiwiri lapitali ndinabwezedwa pakhomo la golosale ngati mbuzi yolowa m'dimba. Ine ndithu, munthu wa imvi zanga, amene ndinagwira choko mpaka kupuma pantchito!

Gwero lake linali anankafumbwe. Mayi akunyumba anapeza kuti chimanga chathu chayamba kufumbwa, ndiye anandituma ku Thambani kukagula mankhwala kwa a Nagama. Timagula kumeneko chaka ndi chaka chifukwa mankhwala awo sakhala osukuluka. Ndinapalasa njinga, kukwera zitunda mukuzidziwa zija, n'kufika thukuta lili kamukamu. Masiki yanga inatsala pamsomali kunyumba.

Pachitseko cha golosaleyo pali katoni yolembedwa kuti, "Popanda masiki osalowa." Ndinaiona, sindinama, koma ndinaiyesa yakale yoiwala kuchotsa. Paja boma linafewetsa malamulo a korona aja, apolisi analeka kuthamangitsa anthu pamsika, ndipo m'minibasi tayambiranso kupumirana m'makosi monga kale.

Phazi limodzi litangolowa, mawu anandipeza.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Tabwererani kaye panja."

"Ndadzuka, mayi. Ndibwerere ndalakwanji?"

"Mphuno yanu ili pamtunda."

Apo ndiye uphunzitsi unandikwera m'mutu. Ndinati, "Mayi, kodi inu mwasanduka boma? Boma lenilenilo, la nduna ndi apolisi, lati anthu apume. Inu mphamvu zoposa boma mwazitenga kuti?"

Akabaza amene amaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi golosaleyo anayamba kuwomba m'manja. "Auzeni, aphunzitsi! Atitopetsa mayi amenewa!" Ine kumva choncho, mapewa anachita kukwera.

A Nagama sanakweze mawu. Anangoti, "Boma lili ndi misewu yake ndi maofesi ake. Chitseko ichi ndinagula ndekha."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Panja ndinapeza a Sandalamu, anzanga amene timasewera nawo bawo, atangotuluka m'golosale momwemo ndi sopo m'manja. Anavula masiki imene anavala, kuikung'untha pantchafu, n'kundipatsa.

"Musavutike, aphunzitsi, valani iyi. Mukatuluka mukabweze kwa a Jamu akabaza awo, eni ake ndi iwowo. Ikuthandiza anthu kuyambira m'mawa."

Abale, ndiulule pano, popeza kubisa sikungandithandize. Ndinaitenga. Inali yachitenje chobiriwira, yofunda ndi mpweya wa a Sandalamu, ikununkha fodya ndi kanyenya. Ndinaikoleka m'makutu n'kulowanso monyang'wa, ngati munthu wowina mlandu.

A Nagama anandiyang'ana, kuyang'ana masikiyo, kenako anaphulika ndi phwete mpaka kugwirira kauntala.

"Ha! Masiki imeneyi ndaipatsa moni kanayi lero. Inabwera ndi a Jamu, inabweranso ndi mayi wina wogulitsa nthochi, kenako ndi a Sandalamu, pano yabwera ndi inu. Nkhope zokha ndi zimene zikusintha."

Atatha kuseka anasuntha katani imene ili kuseri kwa kauntala. Kumeneko, pafupi ndi windo lakumbuyo, kunali amuna awo, a Zuze, atakhala pa makina osokera. A Zuze ndi telala wakale wa pa Thambani, anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ndipo sanabwererenso. Suti yanga yaukwati anasoka ndi iwowo. Panali patapita miyezi ndisanawaone, ndipo ndinadzidzimuka. Munthu wathupi uja watha, kolala ya malaya ikuchita kulendewera m'khosi.

"Bondiya, aphunzitsi," anandipatsa moni wakwawo, akukweza dzanja chapatali.

A Nagama anabwezera katani ija n'kunena motsitsa mawu. "Bambo awa ali ndi matenda a shuga. Chaka chatha korona inawagwira, anagonekedwa m'chipatala akupumira m'makina. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za kumene ndikapeze matabwa a bokosi. Adokotala anati ikadzawagwiranso, zidzavuta. Ndiye taonani, golosale ndi yomweyi, kosokera n'komweku, chitseko n'chimodzi. Mpweya umene mumasiya muno amapuma ndi iwowa. Boma lafewetsa, inde, koma mapapo awo sanamve chilengezocho."



"Makasitomala ena athawira kwa anzanga uko," anapitiriza. "Apite. Kasitomala ndipeza wina, koma bambo awa ndikawapezanso kuti?"

Manyazi amene anandigwira, musanene. Mwayi wake nkhope inali yobisika kale, ngakhale yobisika ndi masiki ya eni.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa. Kodi masiki ija tinkavalira yani nthawi yonse ija?

Takumbukirani masiku amene lamulo linali la moto. Mukwera minibasi yopita ku Blantyre, masiki zonse zili m'zibwano. Kondakitala akangofuula kuti, "Apolisi kutsogolo!" aliyense kukokera m'mwamba msangamsanga, maso tuzu ngati anthu omvera. Mukangodutsa, zonse kubwerera m'zibwano. Ena tinkayenda nayo m'thumba limodzi ndi makiyi, kuitulutsa pokhapokha taona yunifolomu. Sitinkavalira mnzathu wokhala naye mpando umodzi. Tinkavalira wapolisi.

Masiki yobiriwira ya a Jamu ndi mwana wa khalidwe limenelo. Ife tinaiyesa masiki tikiti yolowera, ndipo tikiti ukhoza kubwereka mnzako. Anthu anayi, ena ndife ophunzira, kusinthana mpweya ndi malovu pa kansalu kamodzi, uku tikudziona ochenjera kuti tawapusitsa a Nagama. Amene anapusa pamenepo ndani?

Chodabwitsa china n'chakuti ife a ku Mwanza ndi amene timayenera kumvetsa msanga nkhani ya malamulo a eni. Tonse timapita kumalire. Mukangodutsa n'kuponda Zobue, mbali ya Mozambique, mumadziwa kuti malamulo asintha. Ndinaonapo madalaivala a mathiraki, anthu aukali amene kuno sauzidwa kanthu, ali phee pamzere ngati ana asukulu. Palibe amene amati, "Kwathu sitichita choncho." Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe.

Ngakhale kuno komwe timamvera malamulo ambiri amene boma silinalembe. Wogulitsa nyama akati musagwire, sitigwira. Kuchigayo akati matumba akhale pamzere, timaika pamzere. Apongozi akapaka simenti yawo polishi, nsapato timavulira pakhonde popanda kufunsa kuti lamulo limenelo linadutsa ku nyumba ya malamulo liti. Nanga bwanji masiki yokha ndiyo tikufuna chikalata cha boma?

Ndikuganiza kuti chimatiwawa n'chakuti wotilamulayo timamudziwa. Wapolisi akatikalipira timameza, poti ali ndi unyolo. Koma a Nagama, amene timapemphera nawo limodzi, amene timadziwa kumene anabadwira, atiuze chochita? Mtima umakana. Lamulo timaliyeza ndi ndodo ya wolinena, osati ndi nzeru yake.

A Sandalamu sanagonje msanga, ndipo ndiwachitire chilungamo, mfundo anali nayo. Tsiku lotsatira tili pabawo anati, "Aphunzitsi, aliyense akakhala ndi lamulo lake pakhomo pake, dziko liyenda bwanji? Apa vala, apo vula. Nanga mayi wochokera kutali, wayenda wapansi ndi mwana kumbuyo, alibe masiki, abwerere opanda mchere? Nanga aja amene amakaniza anthu kulowa, uku akugulitsa okha mamasiki pakhomo?"

Zoona zimenezo. Alipo eni masitolo amene lamulo lawo ndi malonda chabe, ndipo alipo alonda amene amabweza wovala nsanza n'kulowetsa wa taye, onse mphuno zili pamtunda. Zoterozo ndizidzudzula mpaka mawu atasasa. Woika lamulo pakhomo pake aliike kwa aliyense, ndipo asiye njira yoti wosauka athandizidwe.

Koma kwa a Nagama njira imeneyo ilipo. Golosale yawo ili ndi windo loyang'ana kumsewu, ndipo aliyense wopanda masiki amamugulitsira pomwepo. Ndikanangofunsa, bwenzi nditagula mankhwala anga kalekale. Kungoti ndinali wotanganidwa ndi kuphunzitsa malamulo a dziko.

Boma limaika lamulo la anthu onse, ndipo likaona kuti zinthu zapepuka limafewetsa. Ndi ntchito yake, sindikutsutsa. Koma boma silidziwa kuti ku Thambani, kuseri kwa katani yamaluwa, kwakhala telala wa mapapo ofooka. Amene akudziwa ndi mkazi wake. Boma likati simukukakamizidwanso kuvala, silinanene kuti mukakamize anzanu kukulandirani m'nyumba zawo mmene mwafunira.

Mwina mukufuna kudziwa mmene zinathera Lachiwiri lija. A Nagama anandilamula kuti nditulutse masiki ya anthu anayi ija m'golosale mwawo, ndikasambe m'manja pa ndowa ili pakhonde, ndizungulire kuwindo. Ndinamvera zonse ngati mwana wa Sitandade 1, akabaza aja akuseka mpaka misozi, omwe aja ankandiwombera m'manja. Mankhwala ndinalandirira pawindo. Pamwamba pake panali masiki yatsopano, yosokedwa ndi zidutswa zotsala za nsalu.

Mawu a a Zuze anamveka kuseri kwa katani. "Imeneyo ndi mphatso yanu, aphunzitsi. Koma ndi ya nkhope imodzi. Musabwereke a Sandalamu!"

Yobiriwira ija ndinaibweza kwa a Jamu n'kuwauza kuti akaichape ndi madzi otentha, aleke kuiyendetsa. Anavomera bwinobwino, "Chabwino, aphunzitsi." Ndikukwera njinga, ndinacheuka n'kuona akuipereka kwa bambo wina wa chipewa, nkhope yachisanu. Ndinatsika, kuimika njinga, n'kumutengera bamboyo kuwindo ndekha.

Yanga yatsopanoyi tsopano imakhala m'thumba la malaya, osatinso pamsomali. Apolisi sakuifunsanso, ndipo sindivalira iwo. Ndimavalira a Zuze.

Inu amene mawa mukaime pakhomo la eni n'kumafuula kuti boma linaloleza, kodi mwafunsa amene wakhala kuseri kwa katani?